Nsambo Zolemera za ku Joni

Mu 1997, Bryson Namakhwa akukwera basi pa Limbuli ulendo wa ku Joni, ananyamula khanda la mlongo wake n'kulonjeza anthu onse akumva: "Tsiku limene Lettie adzakwatiwe, besi ndidzaimba ndine, malume ake." Gitala yake ya besi, yamagetsi, anaisiya m'manja mwa mlamu wake Isake, bambo a khandalo, wokonza njinga.

Anabwerako patapita zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, kutatsala masiku atatu kuti ukwati uchitike. Anabwera ndi mimba, paketi ya nsambo zatsopano, ndi chinsinsi chimodzi: chichokereni sanagwirepo gitala. Ku Joni ankalondera magalimoto a eni ake, ndipo zala zake zinali zitafewa ngati papaya lakupsa.

Isake anatulutsa gitala ija n'kuigoneka pa benchi, pakati pa machubu ndi matcheni.

"Izi n'chiyani, alamu?" anafunsa Bryson.

"Gitala yanu."

"Ndikunena izi zili pamwambazi."

"Nsambo. Zanu zija zinaduka chaka cha njala. Ndinaikapo waya wa mabuleki. A kwaya akhala akuimbira, palibe wadandaula."

"Mabuleki." Bryson anapukusa mutu. "N'chifukwa chake nyimbo za dziko lino zinaima."

"Iai, sizingaime. Mabuleki ake ndi a njinga, sagwira kwenikweni."

"Chotsani. Ndabweretsa nsambo zolemera."

Isake analandira paketi ija, naitembenuza uku ndi uku.

"Zolemera ku thumba kapena pa sikelo?"

"Zonenepa, alamu. Zokhuthala. Mawu ake amakagunda munthu m'chifuwa."

"Oo." Isake anayang'ana mimba ya mlamu wake. "Kulemera kwake ngati kwanuku."

Anachotsa mawaya aja, Isake n'kuwapinda bwinobwino ndi kuwapachika pa msomali. Atamanga nsambo zatsopano zinayi, khosi la gitala linapindika ngati uta, nsambo zinatalikira moti pansi pake pakanadutsa chinangwa. Bryson anayesa kudinda imodzi. Inamuluma chala ngati nkhanu, ndipo m'sipika munatuluka mawu a ng'ombe yodwala. Anabweza dzanja msanga n'kuliika m'thumba.

"Ndi chiperoni," anatero. "Chinyontho cha kuno chimapinda khosi."

"Amayi a Lettie ali ndi mankhwala opaka."

"Khosi la gitala, alamu."

"Aa. Koma dzulo kunalinso chiperoni, linali lowongoka."

"Dzulo linali ndi mabuleki. Tamverani. M'kati mwa khosili muli chitsulo chachitali. Mukachimanga, khosi limawongoka, nsambo zimatsika."

"Sipoko."

"Si sipoko."

"Chitsulo chimene ukachimanga chopindika n'kuwongoka, kuno timati sipoko."

"Kuno mumatcha chilichonse sipoko. Tengani kasipanala kopindika kaja, mulowetse apa pamutu. Muzipotokola pang'onopang'ono. Ndikanena kuti basi, musiye."

"Mukanena kuti basi."

"Eya."

Isake anayamba kupotokola. Bryson anagwada, natsinzina diso limodzi, n'kumayang'ana motsata khosi la gitala, monga anaonera mzungu wina akuchita pa foni. Koma diso lake linapitirira mpaka ku msewu, kumene njinga zamoto zinali kulira ngati mavu.

"Taonani Limbuli," anatero. "Ndinasiya tawuni, ndapeza phokoso. Masiku athu aja tikayamba kuimba, anthu ankawoloka Muloza kuchokera ku Mozambiki, kutsatira chiyani? Besi."

Isake anaima. "Mwati basi?"

"Ndati besi."

"Chabwino." Anapitiriza.

"Lero munthu mmodzi, kiyibodi imodzi, chala chimodzi, akuti bandi. Ng'oma ili momwemo, malipenga momwemo. Kwatsala n'kuikamo mkwati. Ukawafunsa kuti woimba ali kuti, akuloza soketi ya magetsi. Anthu awa sadziwa kuti nyimbo imaima pa besi."

"Ndisiye?"

"Besi, alamu, besi. Makutu anu analowa girisi?"

"Ndangofunsa. Chayamba kulimba."

"Chilimbe. Zinthu za kuno zonse n'zolobodoka, china chilimbeko. Ine tsiku lija ndikukwera basi..."

Isake anachotsa dzanja pa kasipanala.

"Mwasiyiranji?"

"Mwanena."

"Ndikunena basi yokwera. Ya matayala."

"Ndiye ilipo yokwera, ilipo yoimba, ilipo yosiyira."

"Eya."

"Ikafika yosiyira mundiuze kuti ndi imeneyo."

"Potokolani."

Isake analavulira m'manja, nagwira kasipanala ndi manja onse awiri. Thabwa la khosi linayamba kung'ung'udza chapansipansi. Bryson anamva. Anakumbukiranso bwino lomwe kuti mzungu wa pa foni uja anati chitsulocho sachizunguliza n'kamodzi komwe, amangochisuntha pang'ono n'kudikira mpaka mawa. Isake anali atazunguliza kanayi. Liwu lija loti basi linafika pa lilime. Ndiye Bryson anaona m'maganizo holo ya Loweruka itadzaza, azimayi a ku Thuchila atavala zofanana, Lettie atatembenuka kuyang'ana malume a ku Joni, ndi chala chake chimene chinali kuwawabe m'thumba.

"Kodi mtengo wa mapeyala unali apa munadula?" anafunsa.

"Unagwa wokha," anayankha Isake, akupotokolabe.

M'kati mwa gitala munalira kuti thwa. Kasipanala kanayamba kuzungulira kopanda chogwira, khosi linabwerera kupindika kuposa poyamba, ndipo mng'alu unatsika m'thabwa mpaka pakati.

Bryson anaimirira, mawondo akulira.

"Mwaipha."

"Simunanene."

"Zaka zonsezi yapirira njala, yapirira kwaya, yapirira mabuleki anu, lero mwaipha ndi manja."

"Munati ndisiye mukanena kuti basi. Mwanena besi kasanu, basi yokwera kawiri. Yosiyira sinabwere."

"Munthu wamkulu ngati inu, simunamve thabwa likulira?"

"Ndinamva."

"Nanga bwanji osasiya?"

"Inunso munamva."

Bryson anatembenukira ku msewu. Kenako anakweza mawu kuti amve ndi ogulitsa nanazi kutsidya kwa msewu.

"Ndachoka ku Joni, masiku awiri pa msewu, ndi nsambo zimene boma lonse la Mulanje silinazionepo. Ndinalonjeza mwana uja ali m'manja. Tsopano ndikamuuza chiyani?"

"Mukamuuze zoona. Gitala yathyoka, wathyola ndi bambo ake."

"Ndipo sizikukukhudzani?"

Isake anapukuta kasipanala ndi kansanza, nakabwezera m'chitini chake.

"Alamu, ine ndamanga masipoko zaka makumi atatu. Pamene chitsulo chimathyokera ndimadziwa ndi m'tulo momwe. Ndinangoona kuti mukuchita manyazi kupempha."

Loweruka, pa ukwati wa Lettie, besi inachokera mu kiyibodi. Malume ake anakhala mzere wa kutsogolo atavala suti ya ku Joni, manja ali m'matumba.