Anawauza Kuti Ndili ku Joni

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, a kuno kwathu ku Malomo ndi inu amene muli kutali. Ine ndine Maliko. Amene mumandiona masiku ano ndikukankha njinga ya tomato kupita pamsika, malaya nditapisira ngati mphunzitsi, dziwani kuti munthu yemweyu anagona pakhonde la sitolo ku Lilongwe zaka zinayi, katoni pansi, katoni pamwamba. Mowa ndi umene unandigoneka pamenepo, ndipo lero ndikufuna ndikuuzeni mmene Mulungu anandidzutsira.

Ndinachoka kwathu nditagulitsa fodya, ndikuti ndikayambe geni ya kaunjika m'tauni. Geni inayamba bwinobwino, koma kachasu ndiye anathamanga kuposa geniyo. Mkazi wanga anabwerera kwawo ku Nachisaka, ndipo sindimunena, anapirira mokwanira. Mapeto ake ndinakhala wonyamula katundu wa anthu padepoti, kangachepe kakapezeka kamathera kummero. Kumudzi sindinkapitako, ngakhale pamaliro. Ndinkadziuza kuti ndidzapita zikadzayenda, koma kunali kudzinamiza chabe.

Tsiku lina masana, mvula itangokata, ndinaona mayi wina akutsika minibasi ya ku Ntchisi ndi chikwama chachikulu. Ndinathamangira n'kugwira chikwamacho osayang'ana nkhope, ndikuti, "Ndikunyamulireni, mayi." Mayiyo sanachisiye. Nditadzutsa maso ndinapeza kuti ndi mlongo wanga Esinati, wobadwa pambuyo panga. M'mimba mwa amayi athu tinatulukamo awiri okha, ine ndi iyeyo.

Sanalire. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anandilowetsa m'tiyirumu n'kundigulira tiyi ndi sikono. Nditamaliza ndi pamene analankhula.

"Achimwene, Tadala wapeza banja. Mnyamatayo ndi wa ku Mtengowanthenga. Chinkhoswe tichita anthu akagulitsa fodya." Kenaka anati, "Akuchimuna anafunsa za atsibweni ake a mwana. Tinawauza kuti muli ku Joni. Tapempha mkulu wina wa kumpingo kuti adzaime m'malo mwanu."

Abale anga, ndinatukwanidwapo padepoti paja, ndinamenyedwapo, koma palibe chinandilasa ngati mawu amenewo. Tadala ndi mwana woyamba wa Esinati, ndipo dzina limenelo ndinamutcha ndine. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno mwana wamkazi akamakwatiwa amene amaima ngati nkhoswe ndi atsibweni ake. Ndiye amalandira tambala wa akuchimuna, ndiye amapereka msoti, ndipo banja likadzagwedezeka ndiye amathamangirako. Mbumba yonse ya amayi anga inali ndi mwamuna mmodzi, ine, ndipo anali atanditumiza ku Joni ndi pakamwa kuti ndisawachititse manyazi. Sindingawanene. Akanati ndili kuti?

Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti ndinasiya mowa tsiku lomwelo, koma umboni wonama si umboni. Esinati atangopita, ndinakamwa kuposa masiku onse.

Pakhonde ndinkagonapo paja panali telala wina wachikulire, a Sitima. M'mawa uliwonse ndinkachotsa makatoni anga kuti iwo ayike makina awo, ndipo zaka zonsezo nkhani yathu inali moni basi. M'mawa mwa tsiku lotsatira anandipeza ndisanachotse kanthu, ndikulira ngati mwana. Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera akulowetsa ulusi m'singano, kenaka anati, "A Maliko, ine ndinagonapo panja zaka zoposa zanuzo. Fodya asanathe kumsika pali miyezi ingapo. Ngati mukufuna, tiyeni lero lomwe, mawa mudzasintha maganizo."

Ananditengera ku kanyumba kena kuseri kwa tchalitchi chawo, kumene kunkakhala amuna asanu ndi mmodzi, onse ochokera m'makonde ngati ine. Amene ankayang'anira anali akhristu ena amene mowa kapena chamba chinawazunzapo kale. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti sanandiuze kuti ndiyambe ndasiya kenaka andipatse pogona. Anayamba ndi mphasa, sopo ndi chakudya. Malamulo awo anali ochepa. Botolo lisalowe m'nyumba. M'mawa aliyense kudimba la mpingo, kumtsinje. Loweruka masana kukhala pabwalo, aliyense kunena zoona za sabata yake. Wakugwa samuthamangitsa, koma wonama amamubweza kuti anenenso.

Sabata yoyamba ndinaona ngati ndikufa. Thupi lonse linkanjenjemera, thukuta kamukamu, ndikuona zinthu zoyenda pakhoma zimene anzanga sankaziona. A Sitima anatseka makina awo n'kundiperekeza kuchipatala, kumene anandipatsa mankhwala ondikhazika mtima pansi. Ndimanena zimenezi dala, chifukwa ena amati wopita kuchipatala alibe chikhulupiriro. Ine ndinamwa mapilitsi ndikupemphera, ndipo pemphero langa linali limodzi tsiku ndi tsiku: Ambuye, sindikupempha chuma, ndikupempha ndikaime pachinkhoswe cha mwana uja ndi miyendo yangayi.

Ndinagwa kawiri. Ulendo wachiwiri ananditumiza kukagulitsa ndiwo zamasamba za kudimba, ndinakumana ndi anzanga akale, basi zinathera pomwepo. Loweruka lake ndinayamba kukhotetsa nkhani, ati mutu unandipweteka, ati ndinangogona pamthunzi. A Sitima anangoti, "Yambaninso, a Maliko. Nkhoswe yonama idzaweruza bwanji mlandu wa ana?" Ndinanena zonse mmene zinalili. Kuyambira Loweruka limenelo mowa sunadutsenso pakhosi panga, ndipo chaka chino ndi chachitatu.

Kutayamba kuzizira ndinakwera minibasi ya kwathu, nditavala jekete ya pakaunjika imene a Sitima anandichepetsera. Esinati sanathamangire kukondwa, ndipo anachita bwino. Inali nyengo ija ndalama ya fodya ili m'matumba, mowa uli pakhomo lililonse, anzanga a paunyamata akundikodola ndi zipanda. Mlongo wanga ankati akandipatsa moni amayandikira kwambiri, ine n'kumadziwa kuti akununkhiza. Patatha masabata atatu anapita yekha kwa mkulu wa kumpingo uja kukamuthokoza ndi kumuuza kuti mwini mbumba wabwera.

Chinkhoswe chisanachitike, akuchimuna anabwera kudzakambirana dongosolo. Amene ankawatsogolera anali a Chidzanja, atsibweni ake a mnyamata, bambo aulemu wawo, mlimi wamkulu wa fodya. Titakhala pamipando, moni atatha, anandiyang'ana akumwetulira.

"Takunyadirani anzathu. Nanga ku Joni mwakusiyako bwanji?"

Esinati anali pamphasa chapatali, ndipo ndinamumva akutsokomola chifuwa chimene analibe. Kunali kosavuta kungoti kuli bwino, kukuzizira. Jekete ndinali nayo, akanakhulupirira. Ndinkadziwanso kuti ndikanena zoona anthuwa akhoza kunyamuka, n'kukauzana kuti kubanja kuja nkhoswe yake ndi chidakwa cha padepoti, mwana wosalakwa n'kutaya banja chifukwa cha ine. Koma miyezi yonse ija ya Loweruka inali itandizoloweretsa kanthu kena.

Ndinati, "Pepani akuluakulu, ku Joni sindikudziwako, ngakhale malire sindinawaonepo. Ndinali ku Lilongwe konkuno, ndikugona pakhonde chifukwa cha mowa. Abale angawa anachita manyazi, ndipo mlandu ndi wanga, si wawo. Mulungu anandithandiza kudzera mwa anthu ake, ndinasiya. Ngati simungandikhulupirire kuti ndiime pa ana athuwa, nenani, ndipatuka, koma mwanayu musamutaye."

Esinati anaphimba nkhope ndi chitenje. A Chidzanja anavula chipewa n'kumachitembenuza m'manja nthawi yaitali, mpaka ine ndinati basi zatha. Kenaka anati, "Ife tinali ndi nkhawa kuti mukabwerera ku Joni, ana akadzayambana tidzakupezani kuti. Ngati muli konkuno, ndiye bwino. Ndipo munthu wotha kunena zotere za iye mwini sadzatibisira mlandu. Tiyeni tipitirize."

Tsiku la chinkhoswe ndinaima pakati pa bwalo, mudzi wonse ukuona. Tambala ndinalandira ndine, msoti ndinapereka ndine. Amayi ena amene ankandidziwa kale analulutira mpaka mawu anasasa, ndipo Tadala atagwada kudzandigwira dzanja anangoti, "Atsibweni, mwabwera." Sindibisa, ndinanyada tsiku limenelo, ndipo ndikunyadabe.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandione kununkha. Ndikuthokoza a Sitima ndi anzanga a kukanyumba kaja, amene anandipatsa mphasa ndisanayenere kanthu. Ndikuthokoza Esinati, amene pano amandiseka kuti ndine munthu woyamba kubwera ku Joni wopanda ngakhale wailesi. Inu amene muli ndi m'bale wanu m'makonde a m'tauni, musamuike m'manda ali moyo, mufunefuneni, ndipo mukamupeza muuzeni chimene akusowekera pakhomo. Chibale ndi fupa, sichiola. Nawenso amene ukumwa ukulira, ukagwa dzuka, ukagwanso dzukanso, koma usaname.

Mwezi wathawu a Chidzanja anapalasa njinga kuchokera ku Mtengowanthenga mpaka pakhomo panga. Ine ndinati kaya ana aja ayambana, ndinayamba kale kufunafuna nsapato. Iwo anati ayi, ana ali bwino. Anakhala pansi, anayang'ana uku ndi uku, kenaka anatsitsa mawu.

"Anzanga, ndili ndi mng'ono wanga. Anthu timawauza kuti ali ku Mozambiki. Mungandiperekeze ku Lilongwe tikamufune?"

Tinanyamuka m'mawa mwake.