Kusala kwa Shamsiya

Pa siteji ya Kabwata basi inachedwa, miyendo yanga ikuwawa. Amayi awiri osadziwana ankacheza pafupi nane.

"Mwaoneka olema, amai."

"Nachokela ku koleji. Mwana wanga Shamsiya anagwa m'kalasi na njala. Zakudya zinamuthela."

"Nanga anzake a m'chipinda sanaone?"

"Anawauza kuti akusala. Iwo ni a Sabata, sadziwa kuti Ramadani inatha kale. Anali kudyela panja pomupatsa ulemu."

"Mayo! Koma kuli ofesi yothandiza ana ovutika. Wanga Emmy anapatsidwa unga na nyemba. Angopita akapemphe."

"Namuuza. Akuti, 'Amama, si ndimwe munatiphunzitsa kuti kwathu sitipempha?'"

"Lomba muzachita bwanji?"

"Mawa nizapita naye. Nizayamba ndine kupempha, aone kuti munthu sakufa nazo."