Kapepala Komwe Malemu Anakana

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1994, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu. Kunyumba tinkawatcha aChifukwa, poti ali mwana ngakhale mankhwala sankamwa asanauzidwe chifukwa chake.

Sukulu anayamba mu 2000, namaliza maphunziro a unamwino mu 2016. Pa 4 Ogasiti 2018 anamanga banja ndi bambo akhala apawa, mmisiri wa matabwa, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi mwana mmodzi wamkazi.

Mu 2019 bambo awo owabereka anamwalira ndi matenda a impso, akudikira malo pa makina otsuka magazi. Imfa imeneyi ndi yomwe inabwezera malemu ku yunivesite mu 2021, kukachita kafukufuku wa chilungamo pa chithandizo cha odwala. Funso lawo linali limodzi: pa mzere wa makina aja, amayamba kulowa ndani? Ankakhala pa benchi ya pakhonde la chipatala ndi kope lofiira, kulemba zomwe tonsefe timadziwa koma timangonong'ona, zoti wobwera ndi kapepala ka bwana amangodutsa, wopanda m'bale n'kumakalambira pabenchipo.

Kuti afunse odwalawo ndi kusindikiza zomwe apeza, pankafunika chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa odwala. Komitiyo inabweza pempho lawo katatu. Ulendo wachiwiri akuti anasaina ndi cholembera cha mtundu wolakwika. Ati kuteteza odwala kumeneko.

Mu Januwale 2023 nthenda ya bambo awo ija inawapeza nawonso. Aphunzitsi awo, mwachifundo ndithu, anawalembera kapepala koti alowe msanga. Malemu anakapinda, nakaika m'kope muja, nati sangalumphe anthu omwe anawalonjeza kuti adzawalankhulira. Amuna awo anachita kugwada. Mayi awo anawakumbutsa za mwana, koma aChifukwa anangofunsa ngati enawo alibe ana. Tisanamizane pamaliro pano: tinawakwiyira, ndipo enafe mtima sunatsikebe.

Anatisiya pa 14 Novembala 2023, patsogolo pawo patatsala anthu awiri okha. Dzana, tikukhoma bokosi, kalata ya komiti inafika. Yawalola kuyamba kafukufuku, ndipo yawafunira zabwino zonse.

Malemu asiya amuna awo, mwana wa zaka zinayi, mayi awo ndi abale anayi. Tikuthokoza anamwino omwe anawasamala, a mpingo, ndi odwala anzawo a pabenchi omwe abwera atatu, poti ambiri anatsogola kale. A komiti, kalata yanu talandira, ngakhale mwini wake sanaiwerenge.

Kope lofiira lija sitikwirira nawo. Tapereka kwa ophunzira anzawo kuti amalize ntchitoyi, ndipo akadzatsegula adzapeza kapepala kaja kali chipindire.

Mzimu wawo uuse mumtendere, kumene munthu salowa ndi kapepala ka bwana.