Ngowe za Bambo Aldenor

Malemu Bambo Aldenor Bezerra Lustosa anabadwa pa 9 Malichi 1958 konkuno ku Várzea do Mocó. Bambo awo, amene anali mchimwene wanga, ankalimbikira kuti munali mu Epulo, koma ife titsata mawu a mayi awo chifukwa ndiwo analipo.

Mu 1966 anayamba sukulu kwa masisitere. Aphunzitsi ankati mwanayu ndi wanzeru. Kunyumba nzeruzo sitinkaziona kwenikweni, koma aphunzitsi ndiwo amadziwa.

Mu 1981 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Zuleide, atelala athu ali apawa. Anadziwana pa chikondwerero cha Yohane Woyera, malemu atawaponda phazi povina. Anapepesa, n'kuwapondanso lina.

Mu 1985 analembedwa ntchito yolondera ndende ya boma lathu lino, ndipo mu 1999 anakhala mkulu wa ndendeyo. Nonse mukuidziwa, kaya munaionera kunja kaya mkati, sinditchula mayina pamaliro. Inamangidwa kuti muzikhala anthu khumi ndi awiri, koma pofika 2015 munali anthu oposa makumi asanu ndi limodzi. Mvula ikagwa madzi ankalowa, anthu n'kumagona pa simenti yonyowa, akutsokomola. Mkaidi wina wa mlandu wa mbuzi, Nonato, ankati, "Bwana, muno tikupuma mosinthana. Lero ndi tsiku la awo."

Malemu chimene ankafuna chinali chimodzi: anthuwo achoke pansi.

Mu 2016 a meya anakhazikitsa komiti yoona za kudzaza kwa ndende. Apa mundikhululukire, chifukwa mutu wanga umasokonezeka. Poyamba anati amanga ndende yatsopano. Kenako anati ayi, angowonjezera chipinda chachikulu kumbuyo. Kenako komitiyo inabala komiti ina yoona ngati yoyamba ija inaona bwino. Mu 2017 anaika mwala wa maziko, ansembe anawaza madzi odalitsa, tinaombera m'manja n'kudya nyama. Mwalawo ulipobe, mbuzi zimakandirapo msana.

Mu 2018 malemu anatopa n'kudikira. Anagula ngowe zachitsulo, anazikhoma m'makoma kuyambira m'munsi mpaka kudenga, napempha amayi a kutchalitchi machila akale, nsalu zogonamo zija zopachika pa ngowe. Ineyo ndinapereka awiri. Akaidi anayamba kugona m'malere, wina pamwamba pa mnzake, mizere itatu, ndipo pansi panayamba kuoneka. Nonato anamuika pamwamba penipeni. "Bwana," anatero, "ndikagwa apa ndivulaza anthu awiri. Mlandu umenewo ukhala wanga kapena wanu?" Chifuwa chinachepa m'ndende. Chaka chimenecho malemu ananenepako.

Mu 2019 kunabwera akuluakulu ochokera kulikulu kudzaona ngati chipinda chija chikufunikadi. Tsono inu mukudziwa kuti kwathu kuno mlendo safunsa kuti nyumba ili ndi zipinda zingati, amafunsa kuti ili ndi ngowe zingati, poti ngowe ndizo zimasonyeza malo ogona. Akuluakuluwo anakulira konkuno. Analowa, anayang'ana m'makoma, anawerenga ngowe, n'kupeza kuti zikuposa anthu. Anawagwira chanza malemu, ati zikomo, mwathetsa vuto. Za chipinda zinathera pomwepo. Mwezi wotsatira kunafika lole itanyamula akaidi a m'maboma oyandikana nafe, ati paja kwa a Aldenor kuli malo.

Pansi panadzazanso, tsopano ena ali m'mwamba.

Malemu anathamangira ku komiti. Komiti inati ngati ngowezo zili zabodza akazichotse, akuluakulu adzabweranso kudzawerenga, kaya liti. Malemu anatenga hamala n'kulowa nayo m'ndende. Nonato anasuzumira kuchokera kudenga kuja n'kuti, "Yambani ndi ya amene mumadana naye, bwana, kuti tonse timudziwe." Malemu anatuluka hamala ili m'manja, osachotsa ngakhale imodzi.

Kuyambira pamenepo sanapezenso mtendere. Akachotsa, anthu abwerera m'madzi kukadikira alendo osadziwika tsiku lobwera. Akawonjezera kuti apansi akwere, lole ibweranso. Akasiya choncho, chifuwa chikupitirira. Lamulungu lililonse ankabwera kwanga n'kukhala nyemba zikuzizira m'mbale. "Azakhali, ndichotse kapena ndiwonjezere?" Ine ndinkangoti, "Idya kaye, mwana iwe."

Mu Januwale 2024 anagwa kuntchito, mbali imodzi n'kufa ziwalo. Anawatengera kuchipatala ku Teresina, kumene madokotala anayesetsa, koma pa 14 Febuluwale Ambuye anawaitana.

Dzulo komiti inatitumizira uthenga wachipepeso. Ati pofuna kulemekeza ntchito ya malemu, agwirizana zokhoma ngowe zina zatsopano, zonyezimira, ndipo dzina lawo lilembedwa pamwamba pa chitseko. Ati umenewo ndi ulemu. Mwina ndi ulemudi. A meya ali pampando wakutsogolo apo, atifotokozera bwino tikabwerako kumanda.

Malemu asiya akazi awo Mayi Zuleide, ana atatu, Cleonice, Josenildo ndi Ivanilde, zidzukulu zisanu, mlongo wawo Mayi Perpétua, ndi ine azakhali awo, amene ndimayenera kutsogola koma andidumpha pamzere.

Banja likuthokoza ansembe, madokotala ndi anamwino, amayi amene aphika khofi ndi kuimba nafe, komanso abambo amene akumba manda. Likuthokozanso akaidi, amene anapempha kudzanyamula bokosi koma oweruza anakana, poopa kuti onyamula achuluka popita n'kuchepa pobwerera.

Bambo Aldenor, mzimu wanu uuse mumtendere. Ansembe atiuza kuti kumene mwapitako malo ndi ambiri. Mukafika musakakhomeko kanthu, mwana wa mchimwene wanga. Mukangogona.