Anandisudzula Popanda Manda

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine Naphiri wa ku Chidzolomondo. Cholembera sindinachigwirepo, akundilembera ndi mdzukulu wanga. Ndikuuzeni za zaka zimene ndinakhala pakati, osati mkazi wa munthu, osatinso wamasiye.

Ndinakwatiwa chitengwa ku Ntengo-Wambalame, kwa a Zuze. Nthawi ya nkhondo ija anthu amfuti anawapeza akukumba kachewere kumunda, n'kuwasenzetsa thumba. Basitu, kupita kunali komweko. Mvula inagwa kanayi, ife osamva kanthu.

Ana a lero mwina simudziwa. Kwathu mwamuna akamwalira sumangonyamuka ayi. Akuchimuna amayenera kukumeta, n'kukusudzula, kunena kuti pita, takumasula. Nanga ine akanandisudzula bwanji, maliro palibe, manda palibe? Apongozi anga aakazi ankati, "Ndikakusudzula iwe ndiye kuti mwana wanga ndamupha ndi pakamwa pangapa." Sindinkawada ayi, nanenso maso anali kunjira.

Ndiye unabwera uthenga woti amayi anga ondibereka atupa miyendo, akundiitana. Ndinathamangira kwa asekeretaliyo, mkulu wa boma m'mudzimo, kukapempha giya, kalata ija yoyendera. Iwo akuti, "Mama, abwere amuna anu, apo ayi akuchimuna avomere." Eee, ndinalira njira yonse. Ndinagwada m'munda wa nyemba, ndati, "Ambuye, ngati ali moyo abwezeni, ngati anafa ndiuzeni. Ndatopa ine."

Sipanathe masabata awiri, kutchalitchi kunabwera bambo wina wa ku Tsangano, wowonda ngati bango, wothawa kwa anthu amfuti aja kutchire. Atamva kuti ndine mkazi wa a Zuze anavula chipewa. Anati, "Mayi, tinkasenza limodzi. Anagwa chaka choyamba chomwecho, pafupi ndi mtsinje. Ndinawafotsera ndi manja angawa."

Apongozi sanalire pomwepo. M'mawa mwake anatenga lumo, anandikhazika pamphasa, n'kundimeta okha, misozi yawo ikundigwera m'khosi. Atatha anati, "Mwana wanga, ndakusunga nthawi yaitali chifukwa cha mantha anga. Takusudzula. Pita kwa amayi ako." Mawu oti pita, mkazi aliyense amawaopa, koma ine ndinawalandira ndi manja awiri.

Giya inalembedwa. Ndinayenda wapansi, kubisala m'thengo ndikamva galimoto. Amayi ndinawapeza akupumabe. Anandisisita mutu wometawo. Ndinawasambitsa ndi kuwamwetsa phala sabata imodzi, kenako anatisiya.

Sindinama abale, yankho la Mulungu linandiwawa, mpaka lero limandiwawa. Koma ndikumuthokoza, chifukwa anandiyankha nthawi isanathe. Inu amene mukudikira, musaleke kugwada. Akanachedwa pang'ono pokha, amayi anga akanatsekedwa maso ndi anthu ena. Ndinawatseka ndine. Amen.