Ndine Ndinauza Amayi Kuti Tiwoloke

Moni kwa inu owerenga makalata ndi omvera nonse. Pepani, kulemba sindikudziwa bwino, koma mtima ukundiwawa.

Amayi anachokera kumudzi ku Lower Gweru kudzandiona m'tawuni momwe ndimagwira ntchito. Titafika pa maroboti, anaima n'kundigwira mkono. "Mwanangu, tidikire kaye, magalimotowa sindiwakhulupirira."

Ine ndinawalozera kamera pamwamba pa mzati. "Musaope, amayi. Masiku ano wodutsa pofiira amajambulidwa, palibe angayerekeze." Ndinkafuna aone kuti tawuni ndinaizolowera.

Titangoyamba kuwoloka, mushikashika, kagalimoto konyamula anthu mozemba, kanadutsa pofiira n'kuwathyola mwendo amayi.

Nditapita kukafunsa kwa oyang'anira makamera, bambo wa muofesi anandionetsa chithunzi. Zonse zinkaoneka bwinobwino, duku la amayi lili pansi, ine nditayasama kukamwa. Koma kagalimotoko kanalibe nambala. "Ndiye tigwire ndani, mfana?" anatero. Ine ndinangoti zikomo n'kutuluka.

Sindikana, madalaivala ambiri tsopano amaima. Koma amayi salimanso, ndipo sanandidzudzulepo ngakhale kamodzi, zomwe zimandipweteka koposa. Omvera anzanga, kamera imangojambula, siponda buleki. Amayi anu akati mudikire, dikirani.