Chingwe cha bwato chimene ndinabisa

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, ndakulonjerani m'dzina la Ambuye Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni. Mundipirire, chifukwa nkhaniyi ngakhale ine mwini sindinaizolowere. Amuna anga, bambo a Esinati, ali apo kumbuyo, ndipo ndi iwo andiuza kuti ndinene zonse, ndisasiyeko.

Mukukumbuka chaka chija nyanja inaphwa, mabwato ali gone pamatope ouma, anthu n'kumapita ku chilumba cha Chisi wapansi. Amuna anga ndi msodzi. Madzi atathawa, iwo anayamba kungokhala duu. Kenako kuyankhula okha. Kenako anayamba chinthu chimene chinandichititsa manyazi: m'mawa uliwonse ankatenga chingwe cha bwato, kudzimanga mwendo, mbali inayo n'kumangirira ku mtengo wa mango wa pakhomo. Munthu wamkulu, wa ana anayi, kudzimanga ngati mbuzi! Njira ya kusikimu ya mpunga imadutsa pakhomo pathu pomwe. Ena mwa inu munaona, musaweramitse mitu, sindikukuimbani mlandu.

Ine pakamwa mumandidziwa. Ndinkamasula chingwecho uku ndikulalata. Ndinkati, "Amuna anzanu atsata madzi uko, inu muli pano. Nyamukani, pitani kunyanja!" Tsiku ndi tsiku, pitani kunyanja, pitani kunyanja. Mapeto ake ndinachibisa chingwecho m'nkhokwe. Tsiku limenelo analira ngati mwana, ine n'kumati ndi misala basi.

Ena ankati awalodza, ena ankati ndi chamba. Tinapemphera, abusa ndinu mboni, ndipo ndi inu munati pemphero lipitirire koma kuchipatala tipitenso. Zokwera galimoto kupita ku Zomba anakanitsitsa. Akangomva injini ankakumbatira mtengo uja. Koma kuchipatala chathu chaching'onochi analola, tinayenda wapansi.

A medikolo atawaona anati matendawa ndi ofunika dokotala wa maganizo, ndipo dokotalayo ali kutauni. Koma anati njira ilipo: wailesi ija amaitanira ambulansi. Anapangana naye tsiku, ife tinabweranso. Tinalowa m'kachipinda, patebulo pali bokosi lakuda likungosokosera. Anandionetsa kuti ukafuna kuyankhula ukanikiza apa, ukatha unena kuti ova, n'kusiya. Choyankhulira chake anapatsa ine kuti ndizikanikiza.

Bokosi lija linayankhula, mawu a munthu wamayi, kupereka moni. Abale anga, amuna anga anadzidzimuka, maso tong'o, kubwerera chafutambuyo mpaka kukhoma. Anandigwira dzanja n'kunong'ona:

"Make Esinati, amenewa inunso mukuwamva?"

Ndinati ndikuwamva, ndi adokotala. Anafunsanso kachiwiri. Ndinati ndikuwamva ndithu, ngakhale a medikolo akuwamva. Apo m'pamene anakhala pampando. Koma ine mutu unaima. Amenewa? Ndiye kuti alipo ena amene ine sindiwamva?

Ndinakanikiza, n'kuwauza adokotala zimene afunsazo. Mayi uja sanafulumire. Anawafunsa mwaulemu ngati pali mawu amene amamva okha. Amuna anga anati alipo, chiphwereni nyanja. Anafunsa kuti mawuwo amati chiyani. Ine ndagwirizira choyankhulira pakamwa pawo, chala chili pabatani, ndipo ndinamva ndi makutu angawa:

"Amati ndiyende pamatopepo mpaka ndikapeze pamene patsala madzi, ndikalowemo, ndisabwerenso. Ndiye ndimadzimanga kuti miyendo isandipititse."

Ova ndinaiwala. Ndinangozindikira ndili pansi pasimenti.

Mwamva kodi, amayi anzanga? Mawu aja m'mutu akuti pita kunyanja, ine mkazi wawo pakhomo ndikutinso pitani kunyanja. Chingwe chimene chinkasunga moyo wa bambo wa ana anga, ine ndinachibisa m'nkhokwe. Sabata yathunthu chili m'nkhokwe! Sabata imeneyo anawagwira ndani? Ndikufunsa inu, anawagwira ndani? Si ine ayi. Ine ndinali kalikiliki kuwakankha. Ndi Mulungu yekha anawagwira mwendo.

A medikolo anatola choyankhulira chija n'kufotokoza kuti mayi wagwa. Adokotala anati andiuze kuti sindinkadziwa, ndidzuke, chifukwa ntchito yanga ikuyamba kumene. Anati awa ndi matenda ngati ena onse, mankhwala ake alipo, koma kuyambira tsiku limenelo bamboyo asamakhale okha. Mankhwalawo anabwera ndi ambulansi.

Chiyambire pamenepo timapita mwezi ndi mwezi, ine kukanikiza, iwo kuyankhula. Miyezi yoyamba sankatsegula pakamwa ndisanawatsimikizire kuti nanenso ndikumva. Masiku ano amachita kundilanda choyankhuliracho, akuti ndimachedwa kunena ova.

Sindinama pamaso pa Mulungu kuti zatheratu. Mapiritsi akumwabe, ndipo masiku ena amawafooketsa. Koma mawu aja anazilala, ndipo akayamba kubwerera amandiuza, sabisanso. Inenso ndinaphunzira kufunsa ndisanalalate, ngakhale pakamwapa nthawi zina pamanditsogolerabe.

Chingwe chija ndinachitulutsa ndekha. Ndinagwada, kuchipereka ndi manja awiri, kupepesa. Iwo anangochilandira n'kuchipachika kukhoma. Chinakhala pamenepo mpaka madzi anabwerera. Dzulo ndinapita kudooko kukawachingamira, ndipo ndinachiona, abale anga, chamanga bwato. Amuna anga anapita kunyanja m'mawa, madzulo n'kubwerako ndi miyendo yawo, matemba ali m'dengu.

Zikomo abusa, zikomo nonse amene munatipempherera. Bambo a Esinati, taimirirani akuoneni. Ndi amenewo, amoyo. Amayi, nthungululu zili kuti? Imirirani nonse, kondwerani nane, timuthokoze Yehova amene anawagwira pamene ine ndinamasula. Ameni.